Musagule chowerengera mabuku chopanda nyali yake

Dzulo mchemwali wanga wanditumizira chithunzi pa WhatsApp. Wapeza Kindle yakale, kachipangizo kowerengera mabuku, kwa munthu wina wogulitsa katundu wochokera kunja, mtengo wake wabwino ndithu, ndipo amafuna agulire mwana wake wa Folomu 3. Ine funso langa linali limodzi: ili ndi nyali? Wogulitsayo anati ayi, koma batire lake ndi lolimba. Ndinawauza achemwali kuti aisiye. Ndipo inunso anzanga amene mukusunga ndalama zoti mugule kachipangizo kotere, ndikupemphani mumve chifukwa chake.

Ine ndinakulira pa koloboyi. Mayeso a Sitandade 8 ndinawerengera pamenepo, m'mawa n'kudzuka mphuno zili bii ndi mwaye, maso ali psuu. Nkhani yowerenga mumdima imandikhudza kwambiri chifukwa ndikudziwa mmene imagwetsera mwana ulesi.

Sikirini ya Kindle kapena Kobo (chowerengera cha kampani ina) si yofanana ndi ya foni. Amaitcha E Ink. Mkati mwake muli timadontho takuda ndi toyera timene timasuntha mukatembenuza tsamba, kenako timangokhala pomwepo osadya moto. N'chifukwa chake mukatchaja kamodzi mumatha masabata. Koma sikirini imeneyi payokha siwala. Ili ngati pepala: pakhonde masana zilembo zimaoneka bwino kuposa pa foni iliyonse, dzuwa likalowa simuona kanthu. Kindle yoyamba inatuluka mu 2007 ilibe nyali. Mu 2012 ndi pamene kunabwera Kindle Paperwhite ndi Kobo Glo zokhala ndi nyali yakeyake, ndipo Kindle wamba, yotsika mtengo ija, inadzalandira nyali mu 2019. Ndiye taganizani, zakale zopanda nyalizo ndi zimene eni ake kunjako akutaya, n'kumatipeza ife kuno kumene magetsi amazima.

Nyali yakenso ndi ina. Timababu take tili m'mphepete, kuwala kumayala pamwamba pa tsamba ngati mwaunikira buku, pamene foni imawalira kuchokera kumbuyo kulunjika m'maso mwanu. Mumatha kuitsitsa mpaka ingotsala pang'ono, n'kumawerenga muli mu neti, mnzanu ali mtulo pambali osadziwa n'komwe. Kandulo mu neti simungayerekeze, mukudziwa nonse zimene zimachitika.

Ndinaona ubwino wake mu 2022, namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale, dziko n'kutaya pafupifupi mamegawati 130. Miyezi imene ija foni ndinkaisungira moto ngati mchere wotsala, yoyimbira ndi kulandirira ndalama basi. Kuwerengerapo buku kunali kuwononga. Kachipangizo kanga ndinkakatchaja magetsi akabwera usiku, n'kuiwalako za chaja kwa masabata awiri kapena atatu, ndikuwerenga tsiku lililonse.

Makolo athu ankatiopseza kuti kuwerenga pa mdima kumachititsa khungu. Madokotala a maso amati sikuwononga maso mpaka kalekale, ndipo ndikuwakhulupirira. Koma maso amatopa, amauma, mutu umayamba kulemera, ndipo mwana akafika pamenepo amatseka buku n'kugona. Chimene chimandiwawa ine ndi chimenecho, buku lotsekedwa pa tsamba lachisanu.

Za nyali yosintha mtundu, yokhala yachikasu usiku, ili pa Paperwhite kuyambira ya 2021, ndipo Kobo anayamba kale mu 2016. Ndi yabwino, imafewetsa maso, koma ngati ndalama zaperewera musadandaule nayo. Nyali yoyera yotsitsidwa bwino ikukwanirani. Zosalowa madzi nazonso ine sindingawonjezere ndalama chifukwa cha zimenezo.

Pali chimodzi chimene ogulitsa sakuuzani. Ngati cholinga chanu ndi manotsi a kusukulu ndi mapepala a mayeso akale a PDF, sikirini ya mainchesi 6 idzakuvutitsani. Tsamba lonse limapanikizika, zilembo zimachepa ngati nyerere, ndipo kulikulitsa kumachedwa. Wophunzira wotere bola tabuleti ndi pawabanki. Chowerengerachi chimakoma ndi mabuku opangidwira zowerengera zotere, monga a mtundu wa EPUB, amene zilembo zake mumakulitsa mmene mukufunira, chinthu chimene agogo ovutika maso angachiyamikire kwambiri powerenga Baibulo.

Mukamagula yogwiritsidwapo kale ntchito, musachite manyazi. Iphimbeni ndi chitenje pomwepo pamaso pa wogulitsa, lowetsani mutu, muyatse nyali, muone ngati kuwala kwafika ngodya zonse. Funsaninso ngati mwini wake wakale anachotsamo akaunti yake, ndipo muyese polowetsa chaja ngati sipakugwedera.

Achemwali avomera kudikira mpaka malipiro a mwezi wamawa kuti awonjezere ndalama. Ndawalonjeza kuti tsiku logula tipitira limodzi, chitenje ndinyamula ndine.