Kaboni akasweka m'thupi la wodwala, zidutswa zimapita kuti?

Kuno ku Mangochi tikamva za kuswa atomu, maganizo amathamangira ku mabomba, kapena ku mgodi wa yureniyamu wa Kayelekera ku Karonga. Koma pali kuswa kwina kumene sitikutchula ngakhale m'kalasi la fizikisi ku sekondale, ndipo ndikumene ndikufuna tikambirane, makamaka inu aphunzitsi a sayansi ndi inu makolo amene ana anu amakonda masamu. Ndi kafukufuku wowombanitsa manyukiliyasi, ndiye kuti mitima ya maatomu, pa liwiro lalikulu, kenako n'kuwerenga zidutswa chimodzichimodzi. Ine ndikuona kuti pa nthambi zonse za fizikisi ya nyukiliyasi, iyi ndiyo ili ndi khomo limene mwana wa kuno angalowerepo msanga, ndipo ikulunjika ku ntchito imene zipatala zathu zikuisowa pochiza khansa ndi cheza.

Pakati pa atomu pali nyukiliyasi, yopangidwa ndi mapulotoni ndi manyutuloni. Kaboni-12 ali ndi mapulotoni 6 ndi manyutuloni 6. Mphamvu yomanga tinthu timeneti pamodzi, mukaigawa mofanana, ndi pafupifupi 8 MeV pa kalikonse (MeV ndi muyeso wa mphamvu ya tinthu ting'onoting'ono totere). Tsono makina othamangitsa amachotsa maelekitironi onse pa kaboni, n'kumuthamangitsa mpaka pulotoni ndi nyutuloni iliyonse itanyamula 400 MeV. Apa kaboni amakhala akuyenda pa 70 peresenti ya liwiro la kuwala, ndipo mphamvu yake yaposa ija yomumanga pamodzi maulendo 50. Akakumana ndi nyukiliyasi ina sangatuluke wathunthu.

Nthawi zambiri siziwombana pamphumi. Taganizani mibulu iwiri ya dothi lonyowa imene yaponyedwa n'kukhudzana m'mbali: pamene yakhudzana pamakokoloka, koma mbali yotsala imapitirira ulendo wake. Nyukiliyasi imachitanso chimodzimodzi. Chotsalacho chimapitirira kutsogolo pa liwiro pafupifupi lomwe lija, koma chimakhala chitatentha, choncho chimataya manyutuloni, mapulotoni kapena heliyamu mpaka chitazizira. Kufotokoza kwa magawo awiriwa anakulemba Bowman, Swiatecki ndi Tsang mu 1973, ndipo makina a Bevalac a ku Berkeley ku America, amene anayamba ntchito mu 1974, ndiwo anapereka miyeso yoyamba yodalirika.   

Chimene chikundilembetsa ndi kuchiza khansa ndi kaboni. Cheza cha X-ray chimasiya mphamvu yambiri chitangolowa m'thupi, n'kumachepa pang'onopang'ono mpaka kutulukira mbali ina. Kaboni amasiya mphamvu yochepa panjira, n'kukhuthula yambiri pamene akuima, malo otchedwa nsonga ya Bragg. Mukasankha mphamvu yoyenera, nsongayo imagwera pa chotupa penipeni. Kaboni wa 200 MeV pa pulotoni ndi nyutuloni iliyonse amaima atayenda pafupifupi masentimita 8.6 m'madzi, wa 400 MeV amafika masentimita 27. A ku Japan anayamba kuchiza motere pa makina a HIMAC ku Chiba mu 1994, labotale ya GSI ya ku Darmstadt ku Germany inatsatira mu 1997, ndipo Heidelberg, ku Germany komweko, inatsegula malo ake mu 2009.

Vuto lili panjira. Thupi la munthu mbali yaikulu ndi madzi, ndiye kuti haidulojeni ndi okosijeni, ndipo kaboni akamadutsa amawombana nazo. Pa 200 MeV, pafupifupi 30 mwa 100 aliwonse amasweka asanafike pa chotupa. Pa 400 MeV osweka amafika pafupifupi 70 mwa 100. Taonani bwino chiwerengerocho: pa chotupa chakuya, kaboni wambiri amene mwatumiza safika ali kaboni. Amafika ali boroni, beriliyamu, lithiyamu, heliyamu, mapulotoni ndi manyutuloni.

Nanga zidutswazo zimaima pati? Pa liwiro lofanana, mtunda umene nyukiliyasi imayenda umatsata kulemera kwake kugawa ndi nambala ya mapulotoni ake yochulukitsidwa ndi iyo yomwe. Kaboni: 12 kugawa ndi 36, ndiye gawo limodzi mwa atatu. Heliyamu: 4 kugawa ndi 4, ndiye 1. Pulotoni: 1. Choncho heliyamu wobadwa panjira amayenda katatu mtunda umene kaboni uja anatsala nawo. Amadutsa chotupa n'kukasiya cheza kuseri kwake, kumene mwina kuli msana, ubongo kapena matumbo abwinobwino. Zidutswa zopepuka zimamwazikiranso m'mbali. Ndipo sizipweteka maselo mofanana: cheza chochuluka mofanana chochokera kwa boroni ndi chochokera kwa pulotoni sichipha maselo ofanana. Pulogalamu ya kompyuta imene imakonza chithandizo cha wodwala iyenera kudziwa kuti pa milimita iliyonse pali zidutswa zamtundu wanji, zingati, za mphamvu yotani. Manambala amenewo palibe amene angawawerengere papepala molondola. Ayenera kuyezedwa.

Kuyeza kwake kuli motere. Bimu ya kaboni, ndiye kuti mtsinje wa manyukiliyasi othamangitsidwa, imadutsa kachipangizo kopyapyala kamene kamawerenga nyukiliyasi iliyonse yolowa ndi kuyambitsa wotchi. Kenako imagunda chandamale, mwachitsanzo kachidutswa ka girafaiti kokhuthala mamilimita 5. Pa kukhuthala kotere osweka amakhala pafupifupi 4 mwa 100. Chandamale chikakhuthala kwambiri, chidutswa chimaswekanso kachiwiri chisanatuluke ndipo simungadziwenso chimene chinabadwa poyamba. Chikapyapyala kwambiri mudikira masiku kuti manambala akwane, pamene nthawi ya bimu ndi yodula ndipo magulu amaipempha miyezi isanafike.

Kuseri kwa chandamale kumafunika mayankho atatu pa chidutswa chilichonse. Mphamvu imene chimataya podutsa silikoni kapena pulasitiki yothwanima imatsata nambala ya mapulotoni yochulukitsidwa ndi iyo yomwe: heliyamu 4, lithiyamu 9, beriliyamu 16, boroni 25, kaboni 36. Apo mwadziwa mtundu wake. Nthawi imene chatenga kuyenda mamita awiri, pafupifupi mananosekondi 10 (nanosekondi ndi gawo limodzi mwa biliyoni la sekondi), imapereka liwiro, ndipo wotchi iyenera kulondola kuposa gawo limodzi mwa khumi la nanosekondi. Kupindika kwa njira yake m'maginito kumapereka mphamvu ya kayendedwe kake. Mukaphatikiza zitatuzi mumapeza kulemera, n'kusiyanitsa boroni-10 ndi boroni-11. Pomaliza mumagawa zidutswa zimene mwaona ndi kaboni amene analowa, ndi maatomu a m'chandamale, ndi gawo la zidutswa limene maditekita anu, zipangizo zozindikira zidutswazo, amathadi kuona.

Apa ndi pamene ntchito imafuna munthu wodekha, chifukwa zolakwika n'zambiri. Kaboni sasweka m'chandamale mokha, amaswekanso mumpweya ndi m'maditekita momwe. Ndiye pamafunika kuyendetsa bimu chandamale chitachotsedwa, n'kuchotsera zimene mwaona pamenepo. Amene wanyalanyaza zimenezi manambala ake amakwera mwabodza. Bimu ikachuluka, manyukiliyasi awiri amalowa nthawi imodzi ndipo ditekita imawaona ngati chinthu chimodzi, n'chifukwa chake pa kafukufuku wotere amaitsitsa kwambiri poyerekeza ndi ya wodwala. Beriliyamu-8 sakhalitsa, amasweka pompo kukhala maheliyamu awiri oyenda moyandikana. Akagwera mu ditekita imodzi, 4 kuphatikiza 4 ndi 8, pafupi kwambiri ndi 9 wa lithiyamu, ndipo wosasamala amawerenga lithiyamu amene kulibe. Pulasitiki yothwanima nayo sipereka kuwala kolingana ndi mphamvu pamene chidutswa chili cholemera, kuwala kumaperewera, motero iyenera kuyesedwa ndi manyukiliyasi odziwika kale. Manyutuloni alibe chaji, nthawi zambiri amadutsa maditekita onsewa osasiya chizindikiro, ndipo amafuna zipangizo zawozawo. Mapulotoni ndi heliyamu amatuluka m'ngodya zazikulu, ambiri amaphonya ditekita imene ili kutsogolo, ndipo muyenera kuwerengera ophonyawo ndi kompyuta.

Haidulojeni ali ndi vuto lake. Simungapange chandamale cholimba cha haidulojeni yekha mosavuta. Njira yake ndi kuyeza pa pulasitiki ya poliyethilini, imene ili ndi kaboni awiri pa haidulojeni anayi alionse, kuyezanso pa girafaiti, kenako kuchotsera. Koma mukachotsa nambala yaikulu pa nambala ina yaikulu, kalakwidwe kakang'ono ka iliyonse kamakula pa yankho. Gulu la FOOT, lotsogozedwa ndi INFN, bungwe la kafukufuku wa fizikisi ya nyukiliyasi ku Italy, limagwiritsa ntchito njira imeneyi pa funso lina lanzeru. Pochiza ndi mapulotoni, chosweka ndi okosijeni ndi kaboni wa m'thupi la wodwala, ndipo zidutswa zake zimayenda mamaikilomita ochepa okha (maikilomita ndi gawo limodzi mwa 1,000 la milimita), sizingatuluke n'komwe m'chandamale kuti ziyezedwe. Ndiye amatembenuza: amathamangitsa okosijeni kapena kaboni kukagunda haidulojeni, zidutswa zimatuluka ndi liwiro, ndipo masamu amabweza zonse kumbali ya wodwala.

Kuswekaku kuli ndi phindu lakenso. Kaboni-12 akataya nyutuloni imodzi amakhala kaboni-11, amene amatulutsa mapozitironi, tinthu tonga maelekitironi koma ta chaji yosiyana, ndipo theka lake limatha pa mphindi 20. Amaima pafupi ndi pamene bimu yaima, choncho makina a PET, amene amajambula m'thupi potsata mapozitironi, amatha kuonetsa pamene cheza chafikadi m'thupi. Ku GSI anachita zimenezi pa odwala awo.

Tsono abale anga, ndisamveke ngati ndikuti Malawi agule makina a kaboni. Ayi. Mu Africa monse mulibe ndi amodzi omwe, ndipo mtengo wake ungamange zipatala zambiri. Khansa ya khomo la chiberekero, imene Malawi ali m'gulu la maiko amene ikupha kwambiri padziko lonse, imagonja ndi katemera wa HPV, kachilombo koyambitsa khansayi, amene anayamba kuperekedwa dziko lonse mu 2019, ndi kuyezetsa msanga, ndi opaleshoni, ndi cheza cha X-ray pamodzi ndi chija choika mkati pafupi ndi chotupa. Mayi wa ku Makanjira kapena ku Namwera akufunika zimenezo, ndi galimoto yomufikitsa nthawi isanathe. Wina akakuuzani kuti kunja kuli kaboni wochiza khansa iliyonse, musagulitse munda. Kaboni amathandiza pa zotupa zina zosamva X-ray kapena zimene zili pamalo ovuta, monga patsinde pa chigaza, ndipo sachiza khansa imene yafalikira thupi lonse.

Chimene ndikunena n'choti makina a cheza alionse, ngakhale a X-ray a ku Lilongwe kapena ku Blantyre, amafuna katswiri wa fizikisi ya zachipatala amene amayeza cheza, kuyesa maditekita ndi kukayikira zimene kompyuta yanena. Luso limenelo ndi lomwe lija la kuwerenga zidutswa: kuchotsera zosafunika, kudziwa malire a chipangizo, kudziwa kukula kwa kalakwidwe. Malawi analowa m'bungwe la IAEA, loona za mphamvu ya atomu padziko lonse, mu 2006 ndipo ali ndi lamulo la mphamvu ya atomu la 2011, koma lamulo silingayeze cheza palokha. Pamene tikuuza mwana aliyense wokhoza masamu kuti akhale dotolo kapena injiniya basi, ntchito imeneyi ikusowa anthu. Ku South Africa kuli iThemba LABS pafupi ndi Cape Town kumene ophunzira a mu Africa amagwira maditekita enieni, ndipo njira yofikira kumeneko imayambira pa digiri ya fizikisi ya konkuno.

Ndipo kuyamba sikufuna makina othamangitsa. Mapulogalamu a Geant4 ndi ROOT, ochokera ku CERN, ndi aulere ndipo amayenda pa laputopu wamba yokhala ndi Linux. Wophunzira amene akudziwa pang'ono C++, chinenero cholembera mapulogalamu a kompyuta, apange mu Geant4 bokosi la madzi lotalika masentimita 40, aligawe m'zigawo za milimita imodzi imodzi, atumizemo kaboni-12 okwana 100,000 pa 200 MeV pa pulotoni ndi nyutuloni iliyonse, ajambule mphamvu yotsala m'chigawo chilichonse. Aona nsonga pafupi ndi masentimita 8.6 ndi mchira kuseri kwake. Azimitse kuwombana kwa manyukiliyasi, aona mchira utasowa ndipo nsonga itakwera. Akuyatsenso, asiyanitse mchirawo malinga ndi mtundu wa chidutswa, kenako asinthe njira yowerengera kuwombana kuchoka ku yotchedwa Binary Cascade kupita ku yotchedwa QMD, zonse zopezeka mu Geant4. Manambala a heliyamu ndi boroni sadzafanana pa njira ziwirizi. Atsitse miyeso ya kaboni m'madzi imene GSI inafalitsa, aike pa galafu yomweyo, aone njira imene yayandikira, ndiponso pa kuya kotani pamene zonse ziwiri zaphonya.