Osewera a m'mayunivesite a boma ku America akulandira ndalama, koma nthawi ya m'kalasi ikuwathawa

Ndakhala ndikutsatira masewera a m'mayunivesite a boma ku United States kwa zaka zingapo, ndipo chimene chimandidetsa nkhawa si ndalama zimene aliyense akuzikamba masiku ano, koma nthawi ya mwana wasukulu amene amavala yunifomu ya timu n'kulowa m'bwalo.

Masewerawa anakula modabwitsa. Bwalo la University of Michigan ku Ann Arbor limalowa anthu oposa 107,000, ndipo m'zigawo zambiri za dzikolo wantchito wa boma wolandira malipiro ochuluka kuposa onse ndi mphunzitsi wa timu ya yunivesite, osati bwanamkubwa. Komabe bungwe la NCAA, loyang'anira masewera a m'mayunivesite, lomwe linakhazikitsidwa mu 1906, linakhala zaka zochuluka likuletsa osewerawo kulandira malipiro, ponena kuti iwo ndi ophunzira chabe. Zinthu zinasintha mu 2021, pamene osewera analoledwa kupeza ndalama pogwiritsa ntchito dzina ndi chithunzi chawo potsatsa malonda, ndipo mu June 2025 khoti linavomereza mgwirizano wolola sukulu iliyonse kugawana ndi osewera ake ndalama zofika madola pafupifupi 20.5 miliyoni m'chaka choyamba. Zimenezi ndikugwirizana nazo ndi mtima wonse, chifukwa amene amathyoka bondo pamaso pa khamu lolipira pakhomo ayenera kudyako thukuta lake.

Koma taonani zimene zinachitika mu 2024. UCLA, yunivesite ya boma ya ku Los Angeles, inalowa mu ligi ya Big Ten potsatira ndalama za wailesi zakanema, ndipo mu ligi yomweyo muli yunivesite ya Rutgers ya ku New Jersey, mtunda wa makilomita pafupifupi 4,000. Timu ya mpira wa chiamerika imasewera kamodzi pa sabata, kotero maulendo otere angapirike. Nanga mtsikana wosewera volleyball kapena mnyamata wa basketball, amene masewera ake ena amagwa pakati pa sabata, aziwerenga nthawi yanji? Lamulo la NCAA limati wosewera asapitirire maola 20 pa sabata pa zamasewera, koma maola a m'ndege ndi a pabwalo la ndege sawerengedwa pamenepo. Mapanga awiri avumbwitsa, ndipo amene akuvumbwa pano ndi mwanayo, chifukwa mwa osewera 100 a NCAA, amene amadzasewera m'matimu olipira akamaliza sukulu sakwana ngakhale awiri. Ena onsewo adzadya za digiri yawo, ngati anapatsidwa mpata woiphunzira mokwanira.

Nkhaniyi imandikhudza kwambiri chifukwa tikunena za sukulu za boma. Zimayendera misonkho ya anthu, ndipo m'mayunivesite ambiri nthambi ya zamasewera imawononga ndalama zoposa zimene imapeza, moti ophunzira onse, ngakhale amene sanapondepo m'bwalo, amasonkherapo kudzera mu fizi. Ndili ndi manthanso kuti pofuna kupeza zolipira osewera otchuka, sukulu zina zidzayamba kuthetsa matimu ang'onoang'ono monga osambira ndi othamanga, komwe atsikana ambiri anapezera mwayi chikhazikitsireni lamulo la Title IX, loletsa tsankho pakati pa amuna ndi akazi m'maphunziro, mu 1972.

Sindikufuna kuti masewerawa athe. Ndimawakonda, ndipo ndikudziwa kuti atsegulira khomo la maphunziro ana ambiri ochokera m'mabanja osauka. Chimene ndikupempha n'chakuti akuluakulu a yunivesite ya boma, asanasaine mgwirizano uliwonse ndi ligi kapena wailesi yakanema, aziyamba awerengera masiku amene wosewera wa timu iliyonse adzajombe m'kalasi, azilengeza chiwerengerocho kwa anthu okhoma misonkho, ndipo aphunzitsi a m'kalasi azikhala ndi mphamvu yokana ndondomeko ya masewera imene ikugwa m'sabata ya mayeso.