Kutentha kwa ku Chigwa si chifukwa chomwetsera khanda madzi

Okutobala ndi Novembala akafika kuno ku Chigwa cha Shire, madigiri amapitirira 40 ku Ngabu, ku Bangula mpaka ku Nsanje, ndipo pakhomo pamene pali khanda mawu ake ndi amodzi: "Mwanayu ali ndi ludzu, mupatseniko timadzi." Onena amakhala agogo, apongozi, nthawi zina bambo a mwana, ndipo amanena chifukwa chomukonda mwanayo. Koma maganizo anga ndi akuti timadzi timeneti, ndi kaphala kamadzimadzi kamene kamabwera pambuyo pake, ndi timene timadula kuyamwitsa mwakathithi m'makomo ambiri kuno, makamaka mayi akayambiranso ntchito. Mkaka m'mawere umakhala ulimo. Chimavuta ndi kuufikitsa kwa mwana pa maola amene mayi wachoka.

Pa magawo 100 a mkaka wa m'mawere, pafupifupi 87 ndi madzi. Umene umayamba kutuluka mwana akangogwira bere ndi wamadzimadzi, umapha ludzu. Wa kumapeto ndi wamafuta, umakhutitsa ndi kunenepetsa. N'chifukwa chake kukatentha khanda limayamwa pafupipafupi koma pang'onopang'ono. Likumwa madzi ake pamenepo, musadabwe. Mukalipatsa madzi a mumtsuko, kamimba kamadzaza ndi chinthu chopanda chakudya, mwana amachepetsa kuyamwa, ndipo bere likaona kuti silikuyamwidwa nalo limachepetsa kupanga. Pakatha masabata awiri mayi ayamba kudandaula kuti mkaka wauma, chonsecho anauumitsa ndi madzi aja. Ndiye ganizirani madzi athu kuno: a mu Shire, a m'zitsime zosavindikira, a pamjigo umene unamizidwa ndi madzi osefukira. Taona kolera mu 2022 ndi 2023, taona anthu ali m'misasa namondwe Freddy atadutsa mu Malichi 2023. Khanda losakwana miyezi 6 silingalimbane ndi kutsegula m'mimba ngati munthu wamkulu. Woyenera kumwa madzi ambiri ndi mayi, nthawi iliyonse akamva ludzu, ndipo kapu ikhale pambali pomwe akuyamwitsa.

Vuto lina limayambira kuchipatala komweko, masiku atatu oyamba. Mkaka woyamba ndi wachikasu, wokhuthala, umatuluka timadontho, ndiye anthu amati ndi woipa kapena wosakwanira. Musaufinyire pansi. Ndi umene uli ndi chitetezo chochuluka, ndipo umathandiza mwana kutulutsa chimbudzi chakuda choyamba chija. Tsiku loyamba kamimba ka khanda n'kakang'ono ngati chipatso cha masau, supuni yaing'ono imodzi kadzaza. Mwana aikidwe kubere ola loyamba asanathe atabadwa, ndipo ayamwe ka 8 mpaka ka 12 usana ndi usiku. Pofika tsiku lachitatu kapena lachinayi mkaka woyera umabwera wochuluka.

Mudziwa bwanji kuti akukhuta? Kulira si muyeso, ana amalira ndi kutentha, ndi thewera lonyowa, ndi kufuna kunyamulidwa. Werengani matewera. Kuyambira tsiku lachisanu, mwana wokhuta amakodza ka 6 kapena kupitirira pa usana ndi usiku, mkodzo wosanunkha kwambiri komanso wosachita chikasu chakuda. Masiku oyamba sikelo imatsika pang'ono, koma pofika masabata awiri ayenera kubwerera pomwe anabadwira, kenako aziwonjezera magalamu osachepera 500 pamwezi. Kabuku ka kusikelo ndi kamene kanganene zoona, ndipo alangizi a zaumoyo angakuonetseni mzere wake.

Za mawere osweka nsonga ndikhalitsepo pang'ono, chifukwa amayi ambiri oyamba kubereka amangopirira, akuluma mlomo, poganiza kuti ndi mmene zimakhalira. Kuyamwitsa kopweteka kuyambira poyamba mpaka pomaliza ndi chizindikiro choti mwana wagwira nsonga yokha. Mugoneke mutu ndi thupi zili pa mzere umodzi, mimba yake itagunda yanu, mphuno italunjika nsonga ya bere. Mugunditseni nsongayo pamlomo wam'mwamba, dikirani ayasamule kwambiri, kenako mubweretseni msanga kubere. Mwana ndiye apite kubere, inu musaweramire mwana. Akagwira bwino, chibwano chimagunda bere, mlomo wam'munsi umapindikira kunja, masaya amakhala ofufuma, ndipo mbali yakuda ya bere imaoneka yambiri pamwamba pa kamwa kusiyana ndi pansi. Mumamumva akumeza. Akagwira molakwika musamusolole, pisani chala chaching'ono pakona ya kamwa kuti asiye, muyambirenso. Pansonga yosweka pakani dontho la mkaka wanu womwewo, liume lokha. Sopo ayi, amaumitsa khungu.

Bere likatupa, kulimba, kuwala, ena amati mwana waligeyera. Chimene chachitika n'chakuti mkaka wadzaza osatuluka. Finyani pang'ono kuti pakuda paja pafewe, mwana athe kugwira, ndipo ayamwe bere lomwelo. Akamaliza ikani nsalu yonyowetsa m'madzi ozizira. Osalikanya mwamphamvu. Koma mbali ina ikafiira, ikatentha, inu n'kuyamba kuzizidwa ndi kuphwanya m'thupi ngati malungo, ndipo tsiku latha osasintha, pitani kuchipatala. Mukachedwa limachita mafinya mpaka kufuna kung'ambidwa.

Tsopano ku ntchito. Lamulo la ntchito m'dziko muno limapatsa mayi tchuthi chauchembere cha masabata osachepera 8 akulandira malipiro onse, kamodzi pa zaka zitatu. Pamene linakonzedwa mu 2021 anawonjezeramo nthawi yoyamwitsa, theka la ola kawiri patsiku kufikira mwana atakwana miyezi 6, komanso masabata awiri a tchuthi cha bambo. Masabata 8 ndi ochepa, mayi amabwerera kuntchito mwana ali ndi miyezi iwiri yokha, kutatsala miyezi inayi yoti akhale pa bere lokha. Ndipo lamuloli limafika kwa olembedwa ntchito: aphunzitsi, a m'maofesi pa boma la Chikwawa, a m'minda ya nzimbe ku Nchalo. Mayi wa ganyu yotola thonje, wogulitsa makakana pamsika, wopita kudimba m'bandakucha, alibe womupatsa tchuthi. Onsewa ndi amayi ogwira ntchito, ndipo onse akufunika kudziwa kufinya mkaka ndi manja.

Yambani kuphunzira kutatsala masabata awiri kuti muyambe ntchito, osati usiku woti mawa mukupita. Sambani m'manja ndi sopo. Tengani kapu yokhala ndi chivindikiro, itsukeni, thiranimo madzi owira, akhalemo mphindi zingapo, muwataye. Khalani pansi mtima uli m'malo, sisitani bere mofatsa kuchokera kuchifuwa kupita kunsonga. Ikani chala chachikulu pamwamba, chamkombaphala pansi, m'mphepete mwa pakuda paja. Kankhirani zalazo mkati cha kuchifuwa, panikizani, tayani, panikizani, tayani. Zala zisatsetsereke pakhungu ndipo musatsine nsonga, mungodzipweteka mkaka osatuluka. Ukayamba kudontha pang'ono sunthani zala mozungulira bere. Pakatha mphindi 3 mpaka 5 pitani bere linalo, kenako mubwerere, zonse pamodzi mphindi 20 kapena 30. Masiku oyamba mupeza masupuni awiri okha, musataye mtima, dzanja limazolowera. M'mawa ndi pamene umatuluka wambiri, ndipo ena amapeza wochuluka akamafinya bere limodzi mwana akuyamwa linalo.

Musiye wochuluka bwanji? Mwana wa mwezi umodzi mpaka miyezi 6 amamwa pafupifupi mamililita 750 pa usana ndi usiku. Ndiye pa ola lililonse limene mwachoka werengani mamililita 30, amene ndi masupuni aakulu awiri. Maola 8 ndi pafupifupi mamililita 250, pang'ono kudzaza botolo lagalasi la Fanta. Musauike m'kapu imodzi. Gawani m'makapu atatu, chifukwa umene mwana wamwako n'kutsala suyenera kudutsa maola awiri.

Apa ndi pamene kutentha kwathu kumatisiyanitsa ndi a ku Dedza kapena ku Mzimba. Mumva ena akunena kuti mkaka wofinya umakhala maola 6 kapena 8 osaonongeka. Kumalo ozizira n'zoona. Kuno m'chilimwe, m'nyumba ya malata, musadutse maola 4, ndipo ukamwedwa msanga ndi bwino koposa. Kapu yovindikira ikhale m'beseni la madzi ozizira a mumtsuko, pamthunzi, pamwamba pake nsalu yonyowa, madziwo azisinthidwa akafunda. Mu filiji umakhala masiku 4 ngati magetsi sakuzimazima, ndipo uikidwe mkatikati osati pachitseko. M'bokosi lija la ogulitsa zoziziritsa kukhosi, muli madzi oundana, umatha tsiku. Ukakhala mafuta amayandama pamwamba, sunaonongeke, ingozunguzani kapu. Pofunditsa ikani kapu m'madzi ofunda, osauwiritsa pamoto.

Tanthauzo lake n'lakuti wopanda filiji sangadalire mkaka wa m'mawa tsiku lonse. Yamwitsani mpaka akhute musanatuluke. Wofinya m'mawa umwedwe isanakwane 10 koloko. Masana, ngati kuntchito n'kufupi, phatikizani matheka awiri a ola aja ndi nthawi ya nkhomaliro mupite kunyumba, kapena womulera abwere naye. Ngati n'kutali, finyanibe kuntchito maola atatu alionse, ngakhale mkakawo mulibe pousunga. Kuutaya kumawawa, koma bere likakhala lodzaza tsiku lonse limatupa kenako limachepetsa kupanga. Kwa amayi a kudimba ndi pamsika njira yabwino ndi kupita naye mwana pamodzi ndi womugwirira, akhale pamthunzi, osati kumbuyo padzuwa la masana. Mukafika kunyumba madzulo, mkaka umene uli m'bere sunasase ngakhale mwayenda padzuwa tsiku lonse. M'bere mkaka suonongeka. Sambani m'manja mumupatse, ndipo usiku ayamwe mmene akufunira, pakuti kuyamwa kwa usiku ndi kumene kumasunga mkaka wa mayi wapantchito.

Agogo, azakhali, ndi inu atsikana olera ana, mbali iyi ndi yanu. Mwana amwetsedwe ndi kapu yaing'ono, osati botolo. Botolo ndi mphira wake zimavuta kutsuka, mkaka umatsalira m'makona n'kuswa tizilombo, komanso mwana akazolowera kuti mkaka ukungotsika wokha amayamba kukana bere. Mukhazikeni chotsamira pamiyendo panu, kapu igunde mlomo wam'munsi, ipendekeni mpaka mkaka ungokhudza mlomo, azimwa yekha. Musathire m'kamwa, atsamwa. Yambani kuyeserera mayi akadali pakhomo. Ndipo mkaka ukatha mayi asanabwere, munyamuleni, mubereke, muyendeyende naye, muimbireni foni mayi wake. Madzi, tiyi, phala, mankhwala a zitsamba, zonsezi zidikire. Liwombo likalowa si la mankhwala opaka, ndi chizindikiro choti madzi achepa m'thupi, mwana ayamwe ndipo apite kuchipatala tsiku lomwelo.

Wina anena kuti bwanji osangogula wa m'chitini. Alipo ana amene amaufunadi, monga amasiye, ndipo achipatala amalangiza kapangidwe kake. Koma kulera mwana ndi mkaka umenewu miyezi 6 yoyamba kumafuna makilogalamu pafupifupi 20, zitini 50 za magalamu 400, kuphatikizapo nkhuni zowiritsira madzi nthawi iliyonse. Ndalama ikachepa anthu amachepetsa ufa n'kuchulukitsa madzi, mwana n'kuyamba kunyentchera. Mkaka wa ng'ombe kapena wa mbuzi, ngakhale ziweto kuno n'zambiri, si wa khanda.

Amayi amene muli ndi kachilombo ka HIV, uphungu wa m'dziko muno ndi woti muyamwitse. Imwani ma ARV tsiku lililonse osadumphitsa, mwana alandire mankhwala ake omuteteza masabata 6 oyamba, ayezedwe pa masabata 6, pa miyezi 12 ndi pa miyezi 24. Kwa inu kusakaniza bere ndi madzi kapena phala miyezi 6 isanakwane n'koopsa kwambiri, chifukwa kumakanda matumbo a mwana n'kutsegulira njira kachilombo. Nsonga ikasweka kapena bere likatupa, musadikire, pitani kuchipatala.

Abambo, masabata awiri a tchuthi aja si opumira. Mayi woyamwitsa akufunika chakudya chowonjezera kawiri patsiku, ndipo n'chomwe tili nacho kale: nsima ya mapira kapena chimanga, nsomba, khobwe, nkhungudzu, masamba a sangowa otendera, mbatata, thobwa. Koposa chakudya akufunika nthawi. Munthu amene wachoka kuntchito, n'kupita kumjigo, n'kukoleza moto, n'kuchapa matewera, mphindi 30 zofinyira mkaka azipeza kuti? Tungani madziwo, ndipo amayi anu akanena za timadzi, muwayankhe ndinu mwaulemu, chifukwa mpongozi payekha zimamuvuta.

Kwa mabwana, akapitawo ndi aphunzitsi aakulu, chimene mayi akupempha n'chochepa: ola lake lija osamudula malipiro, kachipinda kotsekeka kamene si chimbudzi, madzi ndi sopo, ndi malo m'filiji ngati ilipo. Mayi asachite kubisala kuseri kwa ofesi kuti afinye. Inunso amayi, kambiranani ndi abwana mimba isanafike mwezi wake, mugwirizane maola, ndipo ngati akukana, ofesi ya zantchito ilipo pa boma ku Chikwawa ndi ku Nsanje.