A MC, lekani kuchititsa anthu manyazi pa perekani-perekani

Ndakhala ndikudziletsa chichokereni Loweruka koma mtima ukukana, ndiye ndilankhula basi. Wokwiya akwiye.

Loweruka tinali ku ukwati wa msuweni wanga mu holo ina pa Chitakale ku Mulanje. Mtsikanayu mayi ake anamwalira ali Sitandade 3, ndipo amene anamulera mpaka kumaliza Fomu 4 ndi amayi ake aakulu. Fizi yonse inkachokera m'dengu la tiyi. Mayiwa athyola tiyi zaka zambiri, mvula ikuwakalavula pamsana, zala zinachita kuuma ngati makungwa. Tsiku la ukwatilo anadzuka m'bandakucha kumudzi kwawo cha ku Muloza, kabaza mpaka pa Limbuli, minibasi mpaka pa Chitakale. Anabwera atasenza lichero latsopano, m'kati mwake muli mthiko, chipande, chitenje chopinda bwino ndi kathumba ka nandolo wa m'munda mwawo.

Perekani itayamba, a MC anakuwa kuti ayambe a K5,000, enanu dikirani kaye. Kenako a K2,000. Kenako a K1,000. Atafika poitana akuchikazi, mayi aja anaimirira ndi lichero lawo, akuvina pang'onopang'ono, nkhope ili mwee. Sanafike n'komwe pamene panaima akwati. Bambo uja, maikolofoni ili kukamwa, anati: "Mayi, pano si pa chinkhoswe. Lichero sililipira holo. Kasiyeni kukhomoko, mubwere ndi makwacha." Holo yonse gwedee kuseka. Naye DJ anazimitsa nyimbo kuti mawuwo amveke bwino.

Ndinawaona ndi maso angawa. Anaima kaye ngati sanamve, kenako anatembenuka, lichero lili m'manja, n'kubwerera pa mpando. Atakhala anayamba kumasula mfundo ya pa ngodya ya chitenje, manja akunjenjemera, natulutsa K500 ziwiri zopindikapindika. Ndinadziwa kuti ndi gawo la ndalama yobwererera. Ndinawagwira mkono, ndikuti, "Amayi, khalani pansi, inu munapereka kalekale." Iwo anangoti, "Iyayi mwanangu, angamati kwawo kwa mkazi kulibe anthu." Anapita, naponya.

Ndiye ndikufunsa inu a MC, ndani anakupatsani mphamvu yoyeza chikondi cha munthu ndi mtundu wa ndalama ya pepala? Inu mwalembedwa ganyu ya tsiku limodzi. Dzina la mkwatibwi mwaliwerenga pa kapepala m'mawa womwewo. Mayi amene mukuwanyozawo ndi amene anamuchapira zovala, anamuperekeza ku chipatala usiku malungo atamugwira. Iwo alibe malo pa ukwati wa mwana wawo chifukwa alibe K5,000? K5,000 yomweyi yabwera dzanadzanali, mu 2022. Maukwati a makolo athu onse aja anamangidwa ndi chiyani isanabwere?

Mphatso ndi mphatso. Lichero ndi mphatso. Nkhuku ndi mphatso. Nthochi mkoko umodzi wochokera ku Thekerani ndi mphatso. Munthu wakwera kabaza, wasiya kumunda, wagona ndi nkhawa kuti ndikavala chiyani, kubwera kwakeko ndi mphatso kale. Amene wabwera ndi zochepa musamuike pa mbalambanda. Mulandireni, mumuthokoze, akhale pansi ulemu wake uli nawo. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.

Ndikudziwa, zinthu zakwera, kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 ndipo holo, zokongoletsa ndi zoimbira zonse zinakwera nayo. Koma zimenezo si mlandu wa mayi wa ku Muloza.

Komanso tiyeni tiziganiza kuti tili kuti. Kuno si ku Area 10, dera la anthu olemera ku Lilongwe. Maukwati ambiri timachita chilimwe, nthawi imene tiyi wachepa m'minda ndipo ambiri ogwira ntchito ya nyengo akhala pakhomo kudikira mvula. Ena chiwagwereni nyumba ndi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 sanaimebe bwinobwino. Anthu amenewa ndi amene mukuwaimika pa mzere monga mwa kulemera kwa thumba, olemera patsogolo, osauka pambuyo, ngati tikugawa makuponi. Kenako muziti ayi n'zongosangalatsa anthu. Akusangalala ndani? Amene akusekayo mawa zimuonekera yekha. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Ndipo si ulendo umodzi wokha ayi. Akuchimuna bwerani. Akuchikazi bwerani. A mpingo, a kwaya, a banki m'khonde, ovala zofiira, amene mwabwera pa galimoto, amene simunadyepo keke chibadwire. Munthu yemweyo ndi wakuchikazi, ndi wa kwaya, wavalanso chofiira, ndiye aimirire katatu. Akakhala pansi ulendo wachinayi, maikolofoni imutsata: "Mayi a duku lobiriwira uko, mwabwera kudzaonera?" Makashiya nawo ali pambali kusintha ndalama, ukawapempha ma K50 kuti uvineko nthawi yaitali amakuyang'ana ngati waba. Kale kufupa kunali kuvina, kusekerera, kuponya kangachepe uku ukuimba nthungululu. Lero anthu akumapita ku ukwati mtima uli phaa ngati akupita kukhoti. Ndikudziwa azimayi angapo kwathu amene akalandira khadi amangodwala dala. Safuna kukanyozeka.

Inu akwati ndi a komiti, musanamizire MC yekha. Munamulemba ndinu, munamulipira ndinu. Musanamupatse maikolofoni mukhale naye pansi mumuuze kuti pa ukwati wathu palibe kutchula kuchuluka kwa ndalama, palibe kuloza munthu chala, palibe kubweza mphatso. Mumuonetse kuti awa ndi amayi, awa ndi amalume, awa ndi ankhoswe, awa ndi agogo, uwatchule mwaulemu. Ikani tebulo la mphatso pooneka, pakhale munthu wa banja wolandira ndi manja awiri n'kulemba dzina m'kope. Ngati mukuyembekezera kuti perekani ndiyo ibweze ngongole ya holo, ndiye kuti holoyo si saizi yanu. Kachitireni pa bwalo la tchalitchi kapena pakhomo pansi pa mtengo wa mango, palibe amene anamwalirapo chifukwa chodyera ukwati pa mphasa. Kusiyana n'kuti mufinye abale anu pamaso pa anthu kuti zithunzi zikaoneke bwino pa Facebook.

Msuweni wanga analira madzulo ake atamva bwinobwino zimene zinachitika, chifukwa pa nthawiyo n'kuti akumukonza velo, sanamve. Lichero lija tinalipeza kuseri kwa chitseko, wina ataikamo mabotolo opanda kanthu a Fanta. Nandolo atamwazika pansi. Ndinatola ndekha.

Ndipo poti ndayamba, nkhani ya chakudya nayo. Anthu a kumudzi anafika 8 koloko m'mawa, ena osalawa kanthu. Mpunga ndi nkhuku zinayamba kupita ku matebulo a maluwa, kwa anzawo a kuntchito ochokera ku Blantyre amene anafika mochedwa ukwati utadalitsidwa kale kutchalitchi. Akumudzi anauzidwa kuti dikirani panja muitanidwa. Pamene ankaitanidwa cha m'ma 4 koloko n'kuti mwatsala kabichi ndi msuzi. Amene anaphika thobwa usiku wonse ndi omwewo. Amene anatola nkhuni ndi omwewo. Minibasi yopita ku Limbuli ndinawakweza ine mdima utagwa, ali ndi njala.