20 July 2011: anali akuba kapena ngwazi?

Chaka chilichonse 20 July ikafika, mkangano umakhala womwewo. Ena amati amene anafa pa zionetsero zotsutsa boma za tsikulo mu 2011 ndi ngwazi, ena amati anali akuba othyola masitolo. Ine ndikuti onsewa akufulumira, chifukwa akuyamba ndi chigamulo asanasanje zimene zinachitika.

Yambani ndi maola. Pa 19 July anyamata achipani cholamula anazungulira mu Blantyre pa magalimoto atanyamula zikwanje. Usiku womwewo khoti linapereka chiletso cha zionetsero. M'mawa anthu ovala zofiira anali atasonkhana kale, okwiya ndi kusowa kwa mafuta a galimoto ndi ndalama zakunja, apolisi n'kumawabalalitsa ndi utsi wokhetsa misozi. Pamene chiletso chimachotsedwa masana, zinthu zinali zitavuta. MACRA, bungwe loyang'anira mawailesi, nayo inaletsa mawailesi omwe si aboma kuulutsa zochitika pompopompo, mphekesera n'kutenga malo. Munthu amene akuyamba nkhaniyi ndi kuthyola masitolo wadumpha zonsezi. Amene sakutchula n'komwe za kubako nayenso akubisa.

Kenako funsani za munthu mmodzimmodzi. Anagwera pati, nthawi yanji, chipolopolo chinalowera kutsogolo kapena kumsana? Amene wawomberedwa kumsana amakhala kuti amathawa, ndipo ngakhale atanyamula thumba la shuga lakuba, malamulo athu salola kumuphera pamsewu. Komiti yofufuza inapeza kuti anthu 20 anafa ndipo apolisi anagwiritsa ntchito mphamvu mopyola muyeso, koma lipotilo linatuluka mu 2012, Bingu wa Mutharika atamwalira kale. Chaka chathunthu aliyense anali atakhazikika pa zake.

Chimene chimatisokoneza kwambiri ndi mawu oyamba ochokera kwa akuluakulu. Robert Chasowa, wophunzira wodzudzula boma, atapezeka atafa pasukulu ya ukachenjede ya Polytechnic mu September 2011, apolisi anati anadzipha. Dokotala woyeza mtembo anaona zina, ndipo komiti ya Justice Andrew Nyirenda inapeza kuti anachita kuphedwa.

Lero chithunzi chimafika pa WhatsApp mtembo usanafike n'komwe kuchipatala. Musanachitumize, onani ngati tsiku ndi malo zikudziwika, ngati wofotokozayo anaona yekha kapena anangomva, ndiponso amene angapindule anthu akakhulupirira zimenezo. Mayina a omwalira dikirani achibale ayambe auzidwa. Palibe mayi woyenera kumva za imfa ya mwana wake pa Facebook.