Makamera a mafoni atiyeretsa mpaka liti?

Abale ine ndatopa nazo izi. Ujambule amayi ako ku Kulamba ku Mkaika, chithunzi chikutuluka nkhope yambuu ngati adzola ufa, makwinya onse afufutika, ndi mphini zomwe osaoneka. Ndani anapempha zimenezo? Foni wagula ndi ndalama zako muno mu Chipata koma ikubwera fyuluta ya "beauty" ili yoyatsa kale, kuti uizimitse ufufuze m'masetingi mpaka maso kuwawa, mawa wapanga apudeti yabwereranso. Usiku ndiye usanene, munthu wakuda amangotsala mano ndi maso basi pomwe khoma lakumbuyo likuoneka bwinobwino. Zithunzi zaukwati, zachinamwali, zonse anthu osazindikirika! Kodi opanga makamerawa anawayesapo pakhungu lathuli, kapena amangofuna makwacha athu basi?