Kuseka kwathu ndi kwa anzathu a ku Mozambique sikufanana

Ife a m'malire timaoneka ngati amodzi, pa Lizulu paja ukangodumpha msewu wa M1 wafika ku Mozambique, kachewere timagula pamsika umodzi, Chichewa chomwecho, koma tayesani kuika sewero lachizungu loseketsa pa TV muone pomwe timasiyanira.

Loweruka kwa mnzathu wina pa Dedza boma tinaika Mind Your Language ya pa fulashi, ija ya Mr Brown ophunzitsa Chingerezi anthu obwera ku London, inayamba 1977. Tonse tinaionera kale kambirimbiri moti ena amayamba kuseka nthabwala isanafike, kupatula msuweni wanga wa ku Ulongue ku Mozambique amene amaiona koyamba. Ife misozi mbwembwembwe ndi phwete, iye ziii, kumangotiyang'ana. Kenako akuti, "Asuweni, akusekawo ali mkati mwa TV-mo ndi ndani?"

Ine ndimati vuto ndi sukulu. Kuno kuthyola Chingerezi ndi nthabwala yaikulu, tinakulira kusekana m'kalasi, wina akangophonya mawu dzina limamukhala mpaka Folomu 4, ndiye seweroli limatikanda penipeni poyabwa. Iye anaphunzira m'Chipwitikizi, akuona anthu akuluakulu akuvutika kuphunzira chiyankhulo chachilendo ndipo sakuona choseketsa, akuti ndi mmenenso iye amavutikira akabwera kuno kukalemba fomu. Pamenepo sindinamutsutse ayi, ku Britain komweko analiimitsa mu 1979 ati limanyoza anthu a mitundu ina.

Komanso tinaleredwa mosiyana. Kwawo TV inayamba 1981, ife nthawi yonse ya Kamuzu kunalibe, TVM yathu inabwera 1999 (dzina linali lofanana ndi yawo, TVM yomweyo). Ife ndi ana a wayilesi, Kapalepale, Pamajiga pa MBC, nkhani yaifupi, mwaseka, yatha, kagoneni. Iwo anazolowera ma novela a ku Brazil, nkhani imodzi miyezi ndi miyezi, uyu akwatira ndani, mwana uja bambo ake enieni ndi ndani, ndiye msuweni gawo loyamba litatha anafunsa kuti mawa zipitirira pati, titamuuza kuti lotsatira ndi nkhani ina, kalasi yomweyo anthu omwewo ndipo palibe amene wasintha, anati nanga mukuoneranji.

Pa kaonedwe ndiye anzathuwa amatiposa, ndisaname. Ndikapita kwawo nthawi ya novela ikakwana nyumba yonse chete, agogo, ana, aliyense maso pa TV, zokambirana pambuyo. Ife mmm. Aliyense ndi DJ wa mu vidiyo sho, wina akumasulira, wina akuti "ona apa, ona apa achimwene, uyu anena zakuti", wina wabweza kumbuyo kuti mlendo amvetse, ndiye munthu aseke bwanji nthabwala yomwe mwamuuziratu katatu? Theka la kusaseka kwake tinachititsa ndife. Koma pa kusangalala ndiye ndife, sewero la mphindi 25 limatitengera ola lathunthu chifukwa aliyense wakumbukira aphunzitsi ake a Chingerezi a ku pulayimale, ndipo nkhani zimenezo ndi zomwe msuweni anaseka mpaka kutsamwa ndi Sobo.

Wanena kuti ulendo wina abwera ndi novela yake yonse pa fulashi, Chipwitikizi chokhachokha, iye ndiye azimasulira. Anzanga avomera, ati bola aziloledwa kuyankhula.